Khola la Mphepo

Ine paulendo ndimakhala kumapeto. Si ulemu ayi, ndi bondo. Linandiyamba chaka chomwe tinavota koyamba chija, ndipo kuchokera pamenepo aliyense m'kalabu yathu ya alimi a ng'ombe za mkaka amadziwa kuti akaona Saida watulukira ndi ndodo yake, ndiye kuti anthu atha. Amandiseka, nanenso ndimaseka nawo, nanga ndilire? Chomwe amaiwala n'chakuti wa kumapeto amaona aliyense, pomwe iye palibe amamucheukira.

Lachinayi limenelo, mu Meyi 2003, linali tsiku lopatsirana. Lamulo la kalabu yathu ndi lakuti ukalandira ng'ombe, mwana wake woyamba wamkazi si wako. Umamulera mpaka akule kukhala msoti, kenako umapatsira mnzako wotsatira pamzere. Koma tisanapereke, timayenda tonse khola ndi khola kuona ngati anthu akusamala. Ulendo wake ndi wosavuta. Timangozungulira kaphiri ka kwathu kuno ku Milepa, kudzera m'minda, kutsikira kudamu, n'kubwerera pomwe tayambira.

Wolandira anali Felista. Mwamuna wake anamanga khola atangolembetsa, koma anamwalira ng'ombe asanaione. Chaka cha njala chija, anthu akugulitsa malata ndi zitseko, Felista anakana kuzula ngakhale mtengo umodzi pakholapo. Zaka zinayi ankasesa m'khola lopanda kanthu, nsenjere zake n'kumamwetera ng'ombe za eni. Anthu a pamjigo analitcha khola la mphepo. Akamadutsa ndi mtolo wa udzu pamutu ankamufunsa kuti mphepo yakama malita angati lero. Ine zinkandiwawa kwambiri, chifukwa mwanayu ndinamuona akukula.

Tinayambira kwa a Alufeyo, amene analera msotiwo, cha m'ma seveni koloko. Anali msoti wa mawanga akuda ndi oyera, dzina lake Dona. Anamutcha choncho chifukwa chibadwire sanapondepo kunja kwa khola: chakudya kumubweretsera, madzi kumutungira, mvula ikagwa iye ali pamthunzi. Felista anamusisita pamphumi. Tinapangana kuti tikamaliza kuyendera makola tibwerera kudzamutenga, tikamuperekeze ndi nyimbo.

Tinanyamuka anthu makumi awiri ndi atatu. Kutsogolo kunali wapampando, a Stanford, ndi ambulera yawo. Pambali pawo panali mlembi, a Mateyo, buku kukhwapa, chipewa chofiirira kumutu. A Mateyo anagwirapo ukalaliki ku Limbe, ndipo ngakhale anali asanalandire ng'ombe, ankalankhula ngati anabadwira m'khola. Ndowe sankaponda. Chipewa chawocho chinali ndi mbiri, chifukwa pansi pake pali dazi lomwe mwini wake amalibisa ngati ngongole ya mowa. Akuti kutchalitchi amavula, koma ine wa kumzikiti ndingakaone bwanji? Mwayi wanga ndi pamaliro pokha, ndipo Mulungu andikhululukire, ndimayang'ana.

Ulendo unakoma. Chimanga chinali chitauma m'minda, nandolo akuyamba maluwa, kamphepo kozizira kakuchokera kuphiri la Chiradzulu. Amayi ankaimba, amuna akukangana za mtengo wa madeya. Mzere unatalika monga umachitira nthawi zonse, a miyendo yabwino kutali uko, ine ndi Felista kumbuyo. Makola awiri oyamba tinawapeza bwino.

Khola lachitatu linali la a Job, kuseri kwa kaphiri. Amene ali kutali chonchi sabwera koyambira, amatidikira kwawo, ndipo a Job chaka chilichonse amatilandira ndi thobwa. Koma tisanalowe m'mudzi tinapeza masamba atagonekedwa kupingasa njira. Nyimbo inaduka pakati. Amuna anavula zipewa. Apongozi awo a Job anali atatisiya m'bandakucha womwewo, uthenga usanafike n'komwe kumbali yathu. Tinakhala pansi, a Stanford anapepesa m'malo mwa tonse. Ine ndinapeza chitsa kumbuyo, n'kumayang'ana mitu ya amuna. Chinachake chinandisowa pamenepo, koma akazi a Job analira mokweza ndipo maganizo anga anapita kwa iwo.

Khola sitinayendere, nanga n'kuyendera khola pamaliro? Njira nayo inkadutsa pabwalo pomwe ankakhomera bokosi, ndiye tinalambalala kudzera m'tsala lodzaza chisoso. Tinatulukamo zitenje ndi mabuluku zili bii ndi timinga take. Pamwamba pa kaphiri tinapuma pathanthwe tikudya nzimbe, nkhani ya maliro tinaimalizira pomwepo. Kutali uko nyanja ya Chilwa inkang'anima ngati lata latsopano, ndipo mitima inayambanso kupepuka.

Titatsikira kudamu tinapeza a Mateyo atakhala pamwala, akulemba.

"Mwachedwatu," anatero akuyang'ana wotchi. "Ine ndinatsogola pang'ono. Pulogalamu imafuna kusunga nthawi."

Khola la Felista linakhoza popanda wotsutsa. Pansi posesa, modyera modzaza nsenjere zodula kale, madzi m'chidebe. Kuchokera apo tinathamangira kwa a Alufeyo, amayi atayamba kale nthungululu. Ine ndinali ndisanakhote pa nthochi pomwe ndinamva nthungululuzo zazima.

Chitseko cha khola chinali pululu. Mayi wake wa Dona ankalira atatulutsa mutu pamipanda. Dona munalibe.

*

Felista sanalire. Anangokhala pansi pomwe anaimapo, manja pamiyendo, maso ali gwa pachitsekocho. Bola akanalira.

"Wapampando, tisataye nthawi," anayamba a Mateyo. "Pakhomo pano panalibe munthu. Ana ali kusukulu, bambo ndi mayi anali nafe. Funso ndi lakuti ndani ankadziwa zimenezi, ndipo ndani ali ndi chifukwa chokanira kupereka msoti. Ine sindikutchula dzina. Koma pali munthu amene anasowa pamzere."

Maso onse anapita kwa a Alufeyo. Iwo ndi munthu wamtali, wolankhula ngati akusenza mawuwo pamutu.

"Ine... ine ndinapatukadi," anatero. "Titatsika pathanthwe paja. M'mimba. Ndinadya nyemba zogona. Koma ndithu, Mulungu akuona, Dona ndamulera ndi manja awa. Ndimubise? Ine? Ndithu, anthu inu..."

"Munapatuka nthawi yaitali bwanji?" ndinafunsa.

"Nthawi ya... ya munthu wa m'mimba, a Saida."

Wina anaseka, koma kuseka kwake kunafera m'khosi. A Stanford anapukuta thukuta n'kunena zomwe tonse tinkadziwa. Woleredwa akasowa m'manja mwa wolera, kalabu imalanda ng'ombe yaikulu n'kupereka kwa wolandira.

"Ayi," anatero Felista chapansipansi. "Ng'ombe imene ikuphunzitsa ana a eni ine sindingaitenge. Ndibwerera kukhola langa lomwe lija."

Apo ndiye mtima wanga unapsa. Ndinawasiya akukangana, n'kuzungulira kuseri kwa khola ndi ndodo yanga. Munthu woyenda pang'onopang'ono amazolowera kuyang'ana pansi. Pafumbi panali mikwasa iwiri italiitali, ya ziboda zokokedwa. Patsogolo pang'ono panali pomwe ng'ombe inagwada, kenako pomwe inagona n'kugudubuza mizere ya mbatata. Mapaziwo anakathera panjira youma yopita kumsewu, pomwe sipaoneka kanthu.

Aliyense amene anawetapo ng'ombe ya m'khola amadziwa kuti siikokedwa ndi chingwe. Imatsatira ndowa ya madeya. A Alufeyo akanafuna kumuchotsa Dona akanangonyamula ndowa, iye n'kumawalondola ngati mwana. Amene anachita izi ankaganiza kuti akukusa ng'ombe ya kudambo.

Ndinabwerera n'kuwakokera pambali a Stanford.

"Wapampando, pakati pa khola loyamba ndi damu, a Mateyo anali pati?"

"A Mateyo? Kumbuyotu. Anandiuza pakhola loyamba kuti atsalira kumaliza kulemba, atipeza. Kapena anatipitirira tili pathanthwe. Sindikufuna kunamizira munthu, mayi, ine sindinaonetsetse."

Ndinapita pomwe anakhala Felista.

"Iwe Felista, kumbuyo kuja unawaonako a Mateyo?"

"Ayi. Ine ndimayesa ali kutsogolo ndi a Stanford."

A kutsogolo ankati ali kumbuyo, a kumbuyo ankati ali kutsogolo. Ndili chiganizire, kunamveka belu la njinga. Anali Nasibu, mlongo wanga, amene amanyamula anthu panjinga pa Milepa. Iyeyo nkhani imamupeza isanafike kwa mwini wake.

"Achemwali, ndamva kuti Dona wapita kukaona tauni!" anatero akutsika. Ataona nkhope ya Felista anasiya nthabwala, n'kundiyandikira. "Imvani izi. Pamsika paima galimoto ya zitsulo kumbuyo, zonyamula ng'ombe zija, chiyambire m'mawa. Dalaivala wamwa tiyi katatu, wadya mandasi onse a mayi uja. Ndamufunsa, aise, ukudikira mkwatibwi? Akuti anamuuza kuti katundu afika pamsewu teni koloko. Akapanda kufika, adikire mdima akatengere komweko."

"Komweko kuti?"

"Pamenepo ndiye watseka pakamwa, wayamba kundifunsa kuti ndine wapolisi."

Ndinayang'ana dzuwa. Linali litapendeka kale. Likalowa, Dona akwera galimoto ndipo Felista sadzamuonanso. Ndinayang'ananso a Mateyo, ali chilili pamthunzi, chipewa chili phaa kumutu, ndipo pompo ndinakumbukira chomwe chinandisowa ndili pachitsa paja.

*

"Wapampando," ndinatero mokweza, "ine ndapempha kuti mlembi atiwerengere lipoti la ulendo wonse. Mwina tidziwa nthawi yeniyeni yomwe a Alufeyo anasowa. Koma pasapezeke wowadula mawu mpaka amalize."

A Alufeyo anandiyang'ana ngati ndawabaya. A Mateyo ndiye anasangalala. Anakwera pachulu chaching'ono, anakhosomola, n'kutsegula buku.

"Khola loyamba, mayi Sophie. Nthawi, eyiti koloko. Laukhondo, koma denga likudontha. Khola lachiwiri, a Dan. Nthawi, kota tu naini. Zonse zili bwino. Khola lachitatu, a Job." Ananyowetsa chala n'kutembenuza tsamba. "Nthawi, hafu pasiti naini. Khola laukhondo, ng'ombe yonenepa, nsenjere zokwanira. A Job anatilandira mwansangala ndipo anatipatsa thobwa."

Anthu anayang'anizana.  Mayi wina anagwira pakamwa, ine ndinamuopseza ndi ndodo kuti akhale chete.

"Thobwalo linali lozuna, a mlembi?" ndinafunsa.

"Monga mwa nthawi zonse. Mayi a kwa Job sanyenga pa thobwa."

"Nanga chipewa munavulira pati?"

"Chipewa?" Anachigwira ngati ndikufuna kuwalanda. "Ndivule chipewa chifukwa chiyani? Kuvulira ng'ombe?"

A Stanford anapinda ambulera yawo pang'onopang'ono. 

"A Mateyo, kwa a Job kuli maliro. Apongozi awo atisiya m'bandakucha. Tonse tinakhala pansi, tinapepesa. Khola sitinalione, thobwa sitinamwe."

Ndaonapo anthu akugwidwa bodza, koma sindinaonepo nkhope ikusungunuka chonchija. Anayang'ana m'buku ngati bukulo ndi lomwe lawanamiza.

"Ine pamaliro ndimawerenga mitu ya amuna," ndinatero. "Si khalidwe labwino, ndikudziwa. Koma lero ndinaona imvi za a Stanford, ndinaona chipsera cha a Alufeyo, dazi lanu lokha ndi lomwe sindinalione. Onaninso miyendo ya anthu onsewa. Aliyense ali ndi chisoso mpaka m'maondo, chifukwa tinalambalala m'tsala. A Alufeyo awo, chawafika m'chiuno. Buluku lanu lili ngati langochoka kumene pa ayironi."

Anthu anayang'ana miyendo yawo, kenako ya a Mateyo. Phokoso linabuka. Koma munthu wa ku Limbe sagwa msanga.

"Chabwino, chabwino!" anakuwa. "Ndinalemberatu lipoti dzulo. Ndavomera. Chaka chilichonse zimakhala zomwezomwezo, ndiye ndinalemberatu. Ndinadzera njira yachidule kupita kudamu chifukwa nsapato imandiluma. Kulemberatu ndi kuba? Kudula njira ndi kuba? Umboni uli kuti? Ng'ombe ili kuti? Mundionetse ng'ombe, apo ayi nkhaniyi ikathera kukhoti, ndipo mayi inu mudzagulitsa ndodo yanuyo."

Anthu anazizira. Zoona, bodza tinaligwira koma Dona panalibe. Ndinaona kuti nthawi yonseyi buku analigwira ndi nsonga za zala, zikhatho akuzibisa, monga amachitira munthu amene chingwe chamusupula. Koma zikhatho sizikanamubweretsa Dona dzuwa lisanalowe.

"Ng'ombe mukuifuna?" ndinatero. "Itiuza yokha komwe ili. Mayi a kwa Alufeyo, madeya mumapereka nthawi yanji?"

"Fili koloko," anayankha mayiwo. "Ndi ino yakwanayi."

"Mumaziitana bwanji?"

"Ndimamenya ndowa katatu ndi chipande. Zikamva zimalira zonse, Dona ndiye woyamba."

"Katengeni ndowayo."

*

Ndinawafotokozera mwachidule. Dona ziboda zake ndi zofewa, miyendo yake sinayendepo ngakhale kukafika pamjigo. Wakubayo ankafuna kumufikitsa kumsewu, koma Dona anagwada, anagona, anakana. Munthu mmodzi sanganyamule msoti. Ndiye kuti anamutsekera penapake pafupi, pakati pa khola ndi msewu, kudikira mdima.

"Timenya ndowa katatu, kenako aliyense chete, timvetsere," ndinatero. "Othamanga lero apume. Ulendo uno ukufuna woyenda pang'onopang'ono."

"Ndiye tsogolani, a Saida," anatero a Stanford, n'kupatuka panjira.

Zaka zisanu ndi zinayi ndikuona misana ya anthu, tsiku limenelo anthu anaona wanga. Sindibisa, zinandikomera. Kumanja kwanga kunali Felista atanyamula ndowa, kumbuyo kalabu yonse, pakati penipeni a Mateyo, a Alufeyo mbali iyi Nasibu mbali inayo, kuti nsapato isawalumenso.

Tinaima pamunda wa mbatata paja. Ngo! Ngo! Ngo! Inayankha ng'ombe, koma kumbuyo kwathu. Anali mayi wake wa Dona, kukhola.

"Mwamva umboni wanuwo," anatero a Mateyo akuseka. Palibe anaseka nawo.

Tinayenda m'njira youma ija mpaka pa mango awiri. Ngo! Ngo! Ngo! Kunamveka mphepo m'mapesi basi, ndi tambala wina wosadziwa nthawi. Tinapitirira mpaka pamphambano, pomwe njira ina imakwera kumsewu, ina imatsikira kukhwawa. Tinamenyanso. Zii. Bondo linayamba kundiotcha, ndipo kunena zoona mantha anandigwira. Nanga ngati ndalakwitsa? Nanga ngati anamumanga pakamwa? Ndinayang'ana Felista, milomo yake ikuyenda, akupemphera chamumtima.

"Tikwere kumsewu," anatero wina.

Ndinacheuka. Chizolowezi cha wa kumapeto sichitha, ndimayang'ana anthu osati njira. Aliyense maso anali kumtunda, kumsewu. A Mateyo okha ndi amene ankayesetsa kwambiri kuti asayang'ane kumunsi.

"Titsikira kukhwawa," ndinatero.

Tinatsika mpaka pomwe nsungwi zimayambira. Felista anaika ndowa pamwala, anagwira chipande ndi manja awiri, n'kumenya ngati akugogoda pakhomo la munthu wogontha. Ngo! Ngo! Ngo!

Tinadikira. Kenako, kuchokera kuseri kwa nsungwi, kunabwera kulira kwakutali, kotsekeka, ngati kochokera m'mbiya. Kunabweranso kachiwiri, kotalika, kodandaula.

"Dona!" anakuwa a Alufeyo, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akunena mawu osapunthwa. "Ameneyo ndi Dona!"

Apo ulemu wa kunditsogoza unatha. Anandipitirira onse ngati madzi osefukira, amayi atakwinya zitenje, a Stanford ambulera m'mwamba. Ndinafika kumapeto, monga mwa masiku onse.

Kuseri kwa nsungwiko kuli chigayo chakale, chomwe chinafa chaka cha njala injini itagulitsidwa. Ndi cha akuchikazi kwa a Mateyo. Makoma ake ndi a njerwa zootcha, mazenera otsekedwa ndi malata, udzu mpaka pakhomo. Koma pachitseko chadzimbiricho panali loko watsopano, wonyezimira, ndipo mkati chinachake chinkagunda.

"Kiyi," anatero a Stanford atatambasula dzanja.

"Ine sindikudziwa kanthu za..."

"A Mateyo, kiyi."

Nasibu anagwedeza thumba la jekete lawo, munalira zitsulo. A Mateyo anatulutsa okha kiyiyo, ndipo m'mene ankapereka, aliyense anaona chikhatho chawo chili psuu, khungu litasupuka mzere umodzi kuchokera kuchala mpaka kumkono. A Stanford anawabwezera.

"Munatseka ndinu. Tsegulani."

Loko anati kete. Chitseko sichinadikire kukankhidwa. Dona anatuluka ngati wathiridwa madzi otentha, chingwe chikukwekwereka m'khosi, n'kuwagunda a mlembi ndi phewa. Anagwa chagada m'matope a pakhwawa, buku kwake, iwo kwawo. Chipewa chinagudubuzika mpaka m'madzi.

Ndiye ndinaliona dazi lija, anthu inu. Lonse, masana, dzuwa likuwala pamenepo. Silinali laling'ono. Ndinaliyang'anitsitsa mpaka ndinakhuta, ndipo ulendo uno sindinapemphe chikhululukiro kwa aliyense.

Nthungululu zomwe zinazima kwa a Alufeyo zinayambira pomwe zinalekera. A Alufeyo anakumbatira khosi la Dona akulira ngati mwana, akumuvula chingwe, akumupepesa. Amuna awiri anawadzutsa a Mateyo n'kuwakhazika pamwala. Ena ankafuna kuwapatsa makofi, koma a Stanford anaima pakati ndi ambulera, n'kumutuma Nasibu kukaitana apolisi, ndi kuwauza kuti akayambire pamsika pomwe pali dalaivala wokhuta tiyi. Nasibu anapalasa ngati akumuthamangitsa.

Ine ndinapita kwa a Alufeyo kukapepesa chifukwa chowaika pamoto nthawi ya lipoti ija.

"A Saida," anatero akupukuta m'maso, "ndithu... ndithu bondo lanulo lisachire."

*

Dona tinamuperekeza dzuwa likadalipo, m'njira yoyenera. Panalibe chingwe. Felista anatsogola ndi ndowa ya madeya, akuyenda pang'onopang'ono, Dona akumulondola mphuno ili pandowa, akutsimphina pang'ono. Akaima, tonse timaima. Akafuna kununkhiza tsamba la nandolo, kalabu yonse imadikira. Kwa nthawi yoyamba ulendo unkayenda mofanana ndi mwendo wanga.

Njira yopita kwa Felista imadutsa pamjigo. Amayi aja analipo, zidebe zili pamzere. Anasiya kupopa, anaima n'kumayang'ana. Ine pakamwa pankandiyabwa kuti ndiwafunse za malita a mphepo, koma Felista anawapatsa moni mwaulemu, mmodzimmodzi, n'kupitirira. Mmodzi wa iwo anasiya chidebe chake n'kulowa m'nyimbo.

Pakhomo la khola Dona anaima, ananunkhiza mtengo umene anauzika malemu mwamuna wa Felista, kenako analowa yekha. Anamwa madzi, anakoka nsenjere, anazungulira kamodzi. Ndiyeno anaima pakati penipeni, pomwe Felista anasesa m'mawa womwewo, anakweza mchira, n'kugwetsa ndowe zake, phwa!

Anthu anafa ndi kuseka. Mayi Sophie anathamangira fosholo yomwe inali itatsamira pampanda, koma Felista anawagwira dzanja. Apo m'pomwe misozi inatuluka, yonse ya tsiku lija ndi ya zaka zija, ikuyenderera iye akuseka.

"Musakhudze, mayi," anatero. "Zaka zinayi ndakhala ndikusesa fumbi. Izi ndiwola ndekha."